Mzere Woitana Rukuru

Lonjezolo linaperekedwa pa Njakwa, m'mbali mwa msewu, minibasi ya ku Mzuzu itaima kudikira kuti idzaze. Rahab Harawa anali pa ulendo wa ku Sikotilandi, kukaphunzira za makompyuta pa malo amene mpingo unapereka ku banja lawo. Malowo anali amodzi, ndipo aliyense ankadziwa kuti mwini wake anali Laws, mlongo wake wamkulu. Laws ndiye anatola kompyuta yotayidwa ku mishoni, naiukitsa, naphunzitsirapo Rahab kulemba malamulo oti makina azimvera. Koma mayi awo anali atafa ziwalo mbali imodzi, ndipo wina anayenera kutsala.

"Pita," anatero Laws, akukweza chikwama pa denga la minibasi. "Koma undilonjeze chinthu chimodzi. Usadzandichite za limba."

Rahab sanafunse kuti za limba ndiye ziti. Bambo awo anaimba limba lopopa ndi mapazi m'tchalitchi kuyambira ali mnyamata. Kenako mwana wina wa mpingo anabwera kuchokera kunja ndi mphatso ya kiyibodi yamagetsi, yoimba ng'oma yokha. Palibe anawathamangitsa bambowo. Anangowathokoza pamaso pa mpingo, limba nalikankhira ku chipinda cha akulu ampingo, kumene nkhuku za abusa zinayamba kuikiramo mazira. Bambowo anakhala pa benchi yakumbuyo mpaka imfa yawo, zala zikuyenda zokha pa mabondo.

Masiku amenewo Laws anali akumanga pulogalamu ya kachipatala ka mpingo, ndipo pakatikati pake anaikapo laibulale yolemba yekha, mtolo wa malamulo a makina. Anaitcha Rukuru, dzina la mtsinje waukulu wa kwawoko, chifukwa zonse zinkadutsa mwa iye.

"Rukuru sindidzamukhudza, adumbu," anatero Rahab, akumuitana mlongo wake mwa Chitumbuka. "Ngakhale mzere umodzi."

"Lumbira."

"Mwana wa woimba limba salumbira pamsewu."

"Ndiye nena kawiri."

Ananena kawiri, kondakitala akumenya chitseko.

Rahab anabwerako imvi zitayamba. Maliro a mayi ake anawaonera pa foni, ali m'khitchini ya ofesi, azungu akutenthetsa supu kumbuyo kwake. Rumphi amene anamusunga m'mutu zaka zonsezo sanamudikire. Mitengo ya pa boma imene ankabisalamo dzuwa inali itasanduka makala, ndipo pamalo pake panali timaokala topakidwa utoto wa makampani a mafoni. Chinamupweteka kwambiri sichinali chimenecho. Atapereka moni pa msika, Chitumbuka chake chinatuluka chouma ngati chikumba, mayi wogulitsa tomato namuyankha m'Chichewa, mwachifundo, monga amachitira ndi aboma ochokera kumwera.

Rahab anapeza Laws ali mkulu wa mpingo, wosakwatira, woyenda mosamala ngati munthu wonyamula madzi odzaza. Pulogalamu yake inali itakula. Seva, kompyuta yaikulu, inali m'kachipinda kuseri kwa famase, ikung'ung'udza pansi pa kalendala ya mpingo. Sevayo ndiyo inkasunga zonse ndi kumanga masamba. Anamwino a m'tizipatala ta mpingo, ku Kazuni, ku Chitimba ndi kwina, ankatsegula tsamba pa foni n'kudina batani loitana ambulansi. Koma tsamba likachoka ku seva n'kufika m'foni limafuna woliyendetsa, woti batani likadinidwa limve, woti netiweki ikathawa uthenga usatayike. Imeneyo ndiyo ntchito ya laibulale, mtolo wa malamulo olembedwa kale umene umayenda limodzi ndi tsamba. Rukuru anali wamng'ono, wopepuka, ndipo ankagwira ngakhale pa foni yomangidwa ndi mphira. Rahab anaona mapulogalamu ambiri odula kumene anali, ndipo anavomera mumtima kuti mlongo wake anachita zinthu ndi chabechabe.

Chinasowa chinali mapu. Dalaivala wakale wa ambulansi, amene ankadziwa kanjira kalikonse ndi dzina la mwini munda, anali atapuma. M'malo mwake munabwera Limbikani, mwamuna wa ku Phalombe, wa manja abwino pa chiwongolero koma mlendo. Mwezi wapitawo anapita ku mudzi wolakwika chifukwa midzi iwiri inali ndi dzina limodzi, ndipo mwana anabadwira pa ngolo, sanalire. Sisita Eva, mkulu wa anamwino, mayi wa ku Dedza wosadziwa kuzungulira nkhani, anamuitana Rahab atangofika.

"Ndamva kuti munaphunzira kwa azungu. Chabwino. Ndikufuna kadontho pa foni ya dalaivala wangayu, koti azikatsata. Zina zonse khalani nazo."

Mapu ankafuna laibulale yachiwiri, ndipo Rahab anasankha mosathamanga. Zikuluzikulu zotchuka anazikana: zinali zolemera, ndipo zinkafuna kuti foni ilande ntchito ya seva, zomwe zikanatanthauza kugumula nyumba yonse. Zina zinali zamasiye, eni ake atazisiya kalekale. Anakhazikika pa ina yaing'ono, yosamalidwa bwino, yongopempha seva kuti iipatse malo basi. Anaiwerenga yonse, mutu mpaka kumapazi.

Imene sanawerenge inali Rukuru. Kwawoko mlongo salowa kuchipinda kwa mlongo wake. Amaima pakhomo n'kufunsa. Rahab, amene kunja ankang'amba ntchito za anzake pamisonkhano popanda kuphethira, anaima pakhomo.

"Adumbu, Rukuru amagwira zinthu zimene ena angazifunenso?"

"Rukuru sakangana ndi munthu," anatero Laws. "Wakhala pano zaka zonsezi, unamva kuti wamenya wina?"

Rahab anayesa. Anaitana ambulansi yabodza kuchokera ku Kazuni, kadontho kanatera pa Kazuni. Anaitana ya ku Chitimba, kanatera pa Chitimba. Sabata yoyamba Limbikani anayenda ngati mbadwa, mpaka anayamba kuyankha "yewo chomene" pa geti.

Lachinayi m'mawa kunabwera maitanidwe awiri pafupifupi nthawi imodzi. Ku Chitimba msodzi anali ndi bala lotupa pamwendo, loti likanatha kudikira mpaka masana. Ku Kazuni mayi wina dzina lake Nelly anali atachira, koma magazi sankaleka. Pa foni ya Limbikani dzina la Nelly linayaka mofiira, kadontho kake kali m'mphepete mwa nyanja. Limbikani sanafunse munthu. Anauzidwa kuti azitsata kadontho. Anatuluka pa geti nakhotera kum'mawa.

Rahab anali m'kachipinda ka seva pamene Sisita Eva anakankha chitseko, foni ili kukhutu.

"Watipaso wa ku Kazuni akufunsa kuti ambulansi ili pati. Akuti akanakhala akuona fumbi pofika pano."

Rahab anayang'ana pa kompyuta. Ambulansi inkaoneka ikuyenda, ndipo inkathawa Kazuni.

"Muimbireni Limbikani. Tsopano."

"Bwanji?"

"Sisita, muimbireni!"

Foni inalira, osayankhidwa. M'phompho la Njakwa netiweki imalowa ndi kutuluka ngati mpweya wa wodwala chifuwa. Inaliranso. Pa foni inayo Watipaso, namwino wa ku Kazuni, ankafuula moti Rahab ankamva ali patali: dilipi yatsala imodzi, maso a mayiyu ayera, mwamuna wake akufuna kumukweza pa njinga. Kachitatu Limbikani anayankha, madzi a mtsinje akusokosa kumbuyo kwake.

"Ndili pa mlatho, Sisita, ndikuthamanga."

"Ukuthamangira kuti, iwe? Wodwala ali ku Kazuni!"

"Kadontho kakuti Chitimba."

"Tembenuka!"

"Sisita, kadontho..."

"Kadontho ndi amako? Tembenuka!"

Anatembenuka. Anadutsanso pa boma sairini ikulira, anthu a pa msika akudabwa kuti ambulansi yomweyo yaiwala chiyani. Nelly anafika dzuwa lili pamutu, wozizira manja, osayankhula. Sisita Eva anathamanga pambali pa machira, ndipo asanalowe ku fiyeta, chipinda cha opaleshoni, anatembenuka kamodzi.

"Mapu anuwo zimitsani. Lolemba ndikufuna mapu oona. Za malaibulale anu sindizidziwa ndipo sindikufuna kuzidziwa. Mayiyu akapita, mukawauze abale ake nokha, inu ndi achimwene anu."

Apo m'pamene Rahab analowa kuchipinda kwa mlongo wake. Anatsegula Rukuru nayamba kuwerenga, ndipo sanapite patali. Foni iliyonse imabwera ndi njira yakeyake yosanjira zinthu, yoti chilichonse cha pa tsamba chiziigwiritsa ntchito, monga mjigo wa pamudzi. Laws, ali mnyamata wopanda womufunsa, anaichotsa njira imeneyo naikapo yake. Chilichonse chofuna kusanjidwa chinkasanjidwa monga mwa kuipa kwa msewu: kovuta kufikako patsogolo, kwa phula pambuyo. Zinali zanzeru, ndipo zinapulumutsa anthu, malinga Rukuru ali yekha m'nyumba. Koma laibulale ya mapu inkapempha kuti malo asanjidwe monga anabwerera, Rukuru n'kuwasanja monga mwa misewu, mayina n'kutsala m'dongosolo lakale. Woitana akakhala mmodzi panalibe chosinthana. Akakhala awiri, aliyense ankatenga kadontho ka mnzake.

Laws analowa akupapasa mphuthu ya chitseko, chizolowezi chimene Rahab ankachiyesa ulemu wa ukalamba. Anakhala pa mpando wake.

"Ndamva," anatero. "Chinthu chako chatsopanocho chasokoneza."

"Sichanga chasokoneza, adumbu. Ndi awiriwa pamodzi. Munasintha kasanjidwe ka foni."

"Ndinasintha. Dalaivala wakale ankapita pafupi poyamba chifukwa chokonda phula, anthu a kutali akufa. Unali kuti iwe?"

"Ndinali kumene munanditumiza."

"Ndiye kapeze mapu ena. Wobwera ndiye amaphunzira za pakhomo."

"Ndayang'ana. Palibe laibulale ya mapu imene sisanja zinthu, ndipo zonse zimakhulupirira kuti kasanjidwe ndi kamene zinakasiya. Palibe anaganiza kuti ku Rumphi kuli munthu amene anakasintha."

Laws anaseka pang'ono, ndipo kusekako kunali ndi kunyada mkati.

"Sinkhani yaikulu," anapitiriza Rahab, akusankha mawu ngati wosankha mpunga. "Kasanjidwe kanu kapatseni dzina lakelake, kasiye kulanda malo a ka foni. Kenako masamba amene amakadalira muwauze dzina latsopanolo. Ine sindikhudza. Mulemba ndinu, ine ndingokhala pambali. Onani apa pamene zikuyambira."

Anatembenuzira kompyuta kwa iye. Laws anawerama, nagwedeza mutu pang'onopang'ono.

"Ee, ndaona. Pamenepo."

Rahab anayang'ana. Kompyutayo inali itagona poitembenuza. Galasi linali lakuda bii, ndipo munkaoneka nkhope ya Laws yokha, ikuwerenga mwachidwi.

Zinthu zambiri zinagwera pamalo pake nthawi imodzi: kupapasa chitseko, tiyi wopanda shuga wa munthu wodwala shuga, foni imene ankaiika kukhutu osati kumaso, Rukuru amene sanasinthidwe kwa zaka. Rahab anagwira kabatani, galasi linayaka, ndipo Laws anaphethira ndi kuwalako. Anadziwa kuti wadziwika. 

"Ndimaona kuwala ndi mdima," anatero Laws. "Ndi anthu ngati mitengo. Rukuru ndimamudziwa pamtima, Rahab. Namwino akaimba kuti chakuti chavuta, ndimadziwa mzere wake, ndimamuuza chodina, zimatheka. Sisita amati ndine mfiti. Ukasuntha mzere umodzi, ndasochera m'nyumba yanga yomwe. Ukasuntha makumi awiri, ndine mlendo. Pamenepo ndidzabwera kudzatani kuno m'mawa?"

"Tikhoza kuphunzira limodzi. Ndizikuwerengerani."

"Kuti ndikhale ngati adada pa benchi yakumbuyo?"

Rahab anabweza kompyuta patsogolo pake.

"Unanena kawiri," anatero Laws, nadzuka, napeza chitseko ndi dzanja.

Nelly anatuluka ku fiyeta ali moyo. Chiberekero anachichotsa. Anali ndi zaka zosafika makumi awiri ndi zisanu, ndipo mwanayo anali woyamba. Rahab anamuona kudzera pawindo la wodi, mwamuna wake atakhala pansi pa simenti, atagwira mwendo wa bedi.

Panali njira imodzi yotsala, ndipo Rahab anaigwira ndi manja awiri. Mapu akhoza kutsekeredwa m'kawindo kawokawo mkati mwa tsamba, kampanda koti Rukuru asalowemo, mapu asatulukemo. Aliyense ndi kasanjidwe kake, osaonana. Lachisanu lonse anamanga mpandawo. Mu ofesi zinayenda bwino: anaitana maambulansi abodza asanu nthawi imodzi, kadontho kalikonse kanatera pa mwini wake. Anatsala pang'ono kuthamangira kwa Laws. Koma anali atanamizidwa kale ndi mayeso a mu ofesi, ndipo Loweruka anakwera ambulansi ndi Limbikani, amene ankapititsa mankhwala ku Kazuni.

Phula litatha, Limbikani anayamba kuyankhula.

"Mayi, anthu akuti ine ndi amene ndinamupweteka mtsikana uja."

"Si inu."

"Ndikudziwa kuti si ine. Koma pa msika akuti Mlomweyu sadziwa kum'mawa ndi kumadzulo. Dzulo wina wandifunsa ngati ndikufuna andiperekeze kuchimbudzi, ndingakathere ku Chitimba." Anaseka, koma manja anali atafinya chiwongolero. "Kwathu ndikhoza kukuyendetsani maso otseka. Kuno phiri lililonse likufanana ndi linzake."

Rahab anafuna kumuuza kuti naye mapiriwo anasiya kumudziwa, koma maso ake anali pa foni. Kadontho kanali pa Kazuni, msewu wabuluu ukuwatsogolera. Anadutsa minda ya fodya yolimidwa kale, ikudikira mvula. Anatsika kadambo. Timizere ta netiweki tinatha, kamodzi kanabwerera, kenako zii.

Kawindo ka mapu kanayera mbee.

Dzina la wodwala wabodza linali pomwepo pamwamba, chifukwa Rukuru anali atalisunga monga mwa ntchito yake. Koma mpanda umene unaletsa Rukuru kusokoneza mapu unamuletsanso kuwasunga. Kutsogolo kwawo msewu unagawika pawiri, mbali zonse fumbi lofanana, mitengo yofanana.

"Ndilowere kuti, mayi?"

Rahab anayang'ana kumanja, nayang'ana kumanzere. Msewu umenewu anauyendapo pa njinga ya Laws ali mtsikana, atakhala pa kaliyala, akuimba. Sanaukumbuke.

Anafunsa mayi wina wosenza nkhuni.

Ku Kazuni ndowe za njovu zinali pakhomo penipeni pa kachipatala, zikadali zofunda. Watipaso, wamfupi, wa mawu aakulu, anawalandira atagwira m'chiuno.

"Awa ndiye anyaHarawa a kadontho? Yewo, mwatiyendera. Lero mwadzera ku Chitimba kapena mwabwera molunjika?"

"Ndabwera kudzayesa."

"Yesani chomene. Koma muziyesera pa zidole. Ine ndinagwira mimba ya mtsikana uja ndi chibakera mpaka dzanja linachita dzanzi, ndikumunamiza kuti galimoto ili pa kona." Analoza kumadzulo, kumene mitambo inaunjikana yakuda pamwamba pa dambo. "Mukuiona iyo? Ikagwa, njira ya kufupi imatsekeka, pamatsala ya kuseri, imene ngakhale ine ndimasochera. Ndili ndi amayi atatu oyembekezera mwezi uno. Mmodzi ndi wa mapasa."

Rahab anakhala pansi pa mtengo umene anthu amapezerapo netiweki, nayesa kuwapatsa mapu wowasunga wawo mkati mwa mpanda. Imeneyo inali laibulale yachitatu pa tsamba limodzi. Foni ya Limbikani inatentha m'manja mwake ngati mbatata yootcha, inaganiza, inaganiza, nizima. Anaiyatsa, inazimanso. Pobwerera madontho oyamba anagwa pa galasi, akuluakulu, otalikirana, ndipo fungo la dothi lonyowa linalowa m'galimoto. Fungo limenelo analilira zaka zonse ali kunja. Tsopano linamuopsa.

Lamulungu Laws ndiye anawerenga mawu m'tchalitchi. Anaima mowongoka, jekete lakuda, Baibulo lotsegula m'manja, nawerenga chaputala chonse mosaphonya. Rahab yekha ndiye anaona kuti sanatembenuze tsamba. Kenako mnyamata wa kwaya anadina kiyibodi, ng'oma zamagetsi zinayamba, ndipo mpingo unaimirira. Rahab anayang'ana benchi yakumbuyo. Panali amayi awiri ndi mwana wogona.

Atatuluka, Laws anamugwira mkono kuti atsike masitepe, ngati kuti akuthandiza iyeyo.

"Zampanda zija zatheka?"

"Ndikuyesabe, adumbu."

"Usagwire ntchito pa Sabata."

"Sindigwira."

Rahab anadya naye nkhomaliro, namusiya akuwodzera pa khonde wailesi ili pachifuwa, napita ku kachipinda ka seva. Anatenga dongosolo la misewu la Laws, lonse monga analiganizira, kovuta patsogolo, kwa phula pambuyo, nalisamutsira ku seva, kuti tsamba lizichoka litasanjidwa kale ndipo foni isamasanje kanthu. Ntchito zina za Rukuru, kumva mabatani ndi kusunga uthenga netiweki ikathawa, anazipereka kwa laibulale ina yodziwika, yopepuka, imene eni ake a mapu analemba poyera kuti amayenda nayo. Anaziwerenga zonse ziwiri, mzere ndi mzere, kufunafuna pamene zingapondane. Sanapeze. Anazimitsa netiweki ya foni dala, mapu anakhalabe. Anaitana maambulansi abodza ambirimbiri, aliyense anatenga kadontho kake. Foni sinatenthe.

Zonsezi anazichitira pambali, pa kope loyeserera. Pulogalamu yeniyeni inali isanakhudzidwe. Pamwamba pa chikombole chimene seva imaumbira masamba onse panali mzere umodzi, waufupi, woitana Rukuru. Laws anaulemba chaka chimene Rahab anakwera minibasi pa Njakwa. Malinga mzerewo ulipo, Rukuru ankalowa pa tsamba lililonse n'kulanda kasanjidwe. Rahab anauyang'ana mpaka mvula inayamba kumenya malata, kenako anatseka kompyuta napita kwawo wosafunda kanthu.

Lolemba m'mawa kunacha kukuvumbabe. Madzi ofiira ankayenda m'ngalande za chipatala. Rahab anafika woyamba. Posakhalitsa Sisita Eva anasuzumira, ambulera ikudontha.

"Watipaso waimba. Wa mapasa uja wayamba kumva msana. Akuti mwina masana, mwina madzulo. Ku Chitimba nakonso kuli wina akudikira. Limbikani ali m'galimoto, akufunsa ngati ayatse foni kapena ayi."

"Ndipatseni kanthawi, Sisita."

"Kanthawi ndilibe. Ndikazungulira wodi kamodzi, ndikubwera."

Pakhomo anapatukira Laws, amene ankalowa akukutumula jekete. Laws anapeza mpando wake ndi bondo, nakhala pambali pa mlongo wake, pafupi moti Rahab ankamva fungo la sopo amene bambo awo ankasambira. Anatulutsa mpango napukuta magalasi amene sankamuthandiza kanthu.

"Mvula yabwera msanga chaka chino," anatero. "Njira ya kufupi ya ku Kazuni yatsekeka, ndikukuuza. Rukuru aika Kazuni patsogolo, uona."

"Kazuni ikhala patsogolo, adumbu."

"Ndiye wapeza yogwirizana naye?"

Rahab anatsegula chikombole cha masamba. Mzere uja unali pamwamba, pamaso pa onse awiri.

"Ndapeza njira."

"Yewo chomene," anatero Laws, natsamira kumbuyo. "Ndinadziwa. Ndinawauza a Sisita kuti mwana uyu ndinamuphunzitsa ndekha, sangalephere." Zala zake zinayamba kuyenda pa mabondo, pang'onopang'ono, ngati akulemba.

Panja Limbikani analiza injini. M'khonde munamveka nsapato za Sisita Eva zikubwerera.

Rahab anafufuta mzere woitana Rukuru, naika watsopano pamalo pake, nasunga.